Za viza yanga ija: ndinapita kumudzi ndipo ndabwerako

Abale, mwezi wa Marichi ndinakufunsani chochita poti viza yanga ya ntchito kuno ku Johannesburg inkatha pasanathe milungu itatu. Ndinali nditachedwa, chifukwa pempho lowonjezera limayenera kuperekedwa kutatsala masiku 60. Ambiri munati ndituluke viza isanathe, ndikapemphe ina ku Lilongwe. Ndinamvera.

Ndinakwera basi kutatsala masiku anayi, kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka ku Dedza. Pa Beitbridge mtima unali m'mwamba pamene ofisala ankatembenuza masamba a pasipoti yanga akuwerenga masiku ndi chala. Atadinda, ndinapuma. Mnyamata amene tinakhala mpando umodzi anapitirira masiku a viza yake ndi sabata imodzi yokha, ndipo anamupatsa pepala lomuletsa kulowa South Africa chaka chathunthu. Anakhala chete njira yonse, chikwama chili pamiyendo. Mukapitirira masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka 5, ndiye chonde musamvere okuuzani kuti mudzangolipira faindi pa boda.

Ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe ndinapereka kontrakiti, kalata ya abwana, chikalata cha dokotala ndi cha apolisi. Cha apolisi a ku South Africa ndinayamba kuchifunsa ndisananyamuke, ndipo n'chimene chinandipulumutsa, poti chikanandivuta kwambiri ndili kumudzi.

Chinandiwawa ndi ndalama. Tchuthi chake chinali chosalipidwa, lendi ya kuno ndinkalipirabe. Koma mayi anga ndinawathandiza kukolola chimanga koyamba patapita zaka zinayi. Ntchito ndayambiranso Lolemba. Zikomo nonse munandilangiza.