Zidziwitso zosikana pa webusaiti ya khonsolo: osaona akulephera kuziwerenga, titani?

WaICT_kuKhonsolo: Anzanga, ndithandizeni nzeru. Kuno chidziwitso chilichonse, kaya cha mwayi wa ntchito kaya cha msonkho wa pamsika, amachisindikiza, bwana n'kusaina, n'kudinda chidindo, kenako amachisikana n'kundipatsa PDF kuti ndiike pa webusaiti. Sabata yatha mayi wina wosaona anaimba foni kudandaula kuti pulogalamu imene imawawerengera pa kompyuta imangoti zii ikafika pa chikalata cha mwayi wa ntchito. Nditapempha mabwana kuti tisiye kusikana, akuti popanda chidindo anthu aziyesa zabodza, pajatu akamberembere otsatsa ntchito zachinyengo achuluka. Ndipange bwanji?

Makodi_Blantyre: Mabwana anu akunena zoona pa nkhani ya chidindo, musalimbane nawo. Koma chikalata chosikana ndi chithunzi chabe, mulibe chilembo chimene NVDA kapena JAWS (mapulogalamu owerengera osaona zapakompyuta) ingawerenge. Pitani kwa asekeletale, mukapemphe fayilo ya Word imene anatayipa. Mawuwo muwaike pa tsamba penipeni ngati HTML (kalembedwe ka masamba a webusaiti), mutu waukulu pa chizindikiro cha h1, timitu pa h2. PDF yodindayo ikhale m'munsi, ndipo linki yake izinena kuti "Chikalata chosainidwa cha mwayi wa ntchito", osati "dinani apa".

Seva_Zomba: Bwanji osangoziponya mu OCRmyPDF? Ndi pulogalamu yaulere ya OCR, yozindikira zilembo pa chithunzi, imabisa mawu kuseri kwa chithunzi, chidindo n'kukhala chikuonekabe.

Mphunzitsi_waBraille: Achimwene a ku Zomba, ine sindiona ndipo NVDA ndimaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. OCR imathandiza, koma musaikhulupirire yokha. Chidindo chikagwera pa tsiku lotsekera kulandira makalata, manambala amasokonekera, ndipo ine ndilibe njira yodziwira kuti 18 amene ndamvayo papepala ndi 13. Ntchito ikhoza kundidutsa chifukwa cha kanambala kamodzi. Matebulo nawo amatuluka mosokonezeka. Ndiye mukaigwiritsa ntchito, munthu awerengenso.

China, ambiri mwa ife tilibe kompyuta, tili pa foni za Android ndi TalkBack, pulogalamu imene imatiwerengera za pa foni. PDF pa foni ndi yotopetsa ngakhale itakonzedwa bwino. Tsamba la HTML ndiye lopepuka, ndiponso silimaliza bandulo.

Ndipo poti mwayamba kale, onaninso fomu yofunsira ntchito. Ndimakumana ndi mafomu amene bokosi lililonse limangoti "edit, blank", osadziwa kuti apa ndilembe dzina kapena nambala ya chiphaso. Bokosi lililonse likhale ndi label yake, dzina lonena zoyenera kulembamo. CAPTCHA ya zithunzi ija, kamayeso kotsimikizira kuti ndiwe munthu, ndiye imandikakamiza kuitana mwana kuti andithandize, zinsinsi zanga zonse n'kukhala poyera. Zimawawa.

Mayi_waMaWebusaiti: Mukamakalankhula ndi mabwana, musakapite ngati mukupempha chifundo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali. Tili ndi lamulo la anthu aulumali la 2024, komanso lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma limene linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Chidziwitso chimene nzika singawerenge ndiye kuti simunachipereke.

Pa ntchito yeniyeniyo, tsatirani WCAG 2.1, ndondomeko ya padziko lonse yokonzera mawebusaiti kuti aulumali aziwagwiritsa ntchito, pa mulingo wa AA. Mtundu wa zilembo wamba usiyane ndi wakuseri kwake pa 4.5:1, ndipo tsamba lisaphwasuke munthu akakulitsa mawu kufika 200%. Izi zimakhudza kwambiri abale athu achialubino, ambiri mwa iwo saona bwino. Masamba a Chichewa muwaike lang="ny", chizindikiro chosonyeza chilankhulo cha tsambalo. Timabatani togulitsa toika pa webusaiti timene amati timakonza tokha mavuto onse a aulumali, musatayirepo ndalama za khonsolo.

WaICT_kuKhonsolo: Zikomo nonse. Asekeletale avomera kumanditumizira Word, ndipo bwana akhutira poti chidindo chikhalapobe. Poyesa webusaiti monga amayendera osaona, ndachotsa mausi n'kuyenda ndi batani la Tab lokha: menyu yathu sikutseguka n'komwe, ndiye ndiyambira pamenepo. Nanga zikalata zakale, ndi mulu ndithu?

Mphunzitsi_waBraille: Yambani ndi zimene masiku ake sanathe, kenako malamulo a khonsolo ndi mitengo ya misonkho. Zotsalazo OCR ikuthandizani pang'onopang'ono. Mukamaliza, lumikizanani ndi a Malawi Union of the Blind kapena FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali) kuti munthu wosaona adzayese yekha, ndipo muike kandalama kake mu bajeti chifukwa imeneyonso ndi ntchito. Mayi anaimba foni aja muwatumizire chidziwitsocho lero lomwe, tsiku lotsekera lisanadutse.