Munthu wotchuka akatukwana pa kanema pompopompo, mlandu ndi wa ndani?

Abiti wa ku Namwera:
Tithandizane abale. Oyimba ndi anyamata a mpira akamafunsidwa pa TV pompopompo, ena mawu olaula amangowapulumuka, ana ali pamkeka pomwepo akudya mgonero. Kodi palibe njira yotsekera mawuwo asanatifike? Nanga wolakwa ndani, wotukwanayo kapena eni wailesi? Kapena tikungokulitsa nkhani?

Fundi wa pa Boma:
Njira ilipo mayi. Zomwe timati pompopompo zimatha kuchedwetsedwa dala ndi makina otchedwa delay, kawirikawiri masekondi 7 kapena 10. Mawu akachoka pa mikisa (makina osakanizira mawu mu situdiyo) amayamba asungidwa mmenemo asanapite ku transimita. Pamakhala munthu wovala mahedifoni, chala chili pa batani. Akamva chitukwano, amadina: pa wailesi ya mawu okha makinawo amataya masekondi onse omwe anasunga, pa TV amangozimitsa mawu kapena kuika kulira kwa "piii" chithunzi chikupitirira.

Pomwe zimavuta ndi apa. Makina a pa wailesi akataya zomwe anasunga, amatenga kanthawi kuti adzazenso, ndiye mlendo akatukwana kawiri motsatizana, chachiwiricho chimadutsa. China ndi maikolofoni ya pakolala yoiwalika ili yotsegula mlendo atachoka kale pa kamera, komanso maikolofoni zoloza ku gulu la anthu kubwalo la mpira. Koma chachikulu kwathu kuno ndi chilankhulo. Wodina batani akhale womva Chiyao, osati Chichewa ndi Chingerezi chokha. Apo ayi, mawu oti agogo a kwa Mponda angagwire nawo pakamwa amadutsa iye akumwetulira.

Che Mdala wa ku Makawa:
Pa za mlandu, amene ali ndi laisensi ndiye amayankha. Kuno wailesi zimayang'aniridwa ndi MACRA potsatira lamulo la Communications Act la 2016, ndipo dandaulo limapita kwa wailesiyo, osati kwa woyimba. Mukafuna kudandaula lembani dzina la wailesi, pulogalamu, tsiku, nthawi yeniyeni ndi mawu omwe ananenedwa. Kungoti "anatukwana dzulo" sikuthandiza wofufuza kupeza malowo pa zojambulidwa.

Kunja nako sanagwirizane chimodzi. Woyimba Bono anatukwana pa mwambo wopereka mphoto wa Golden Globes mu 2003, bungwe la FCC loyang'anira mawailesi ku America linati ndi zosayenera koma wailesi ya kanema ya NBC yomwe inaulutsa mwambowo sinalipitsidwe chindapusa. Ku Britain, mu 1976, a gulu loyimba la Sex Pistols atatukwana pa pulogalamu ya madzulo, amene anaimitsidwa ntchito ndi mtolankhani wowafunsa, Bill Grundy, chifukwa ndiye anawasonkhezera. Kumeneko malire ndi 9 koloko usiku: isanakwane, amaganiza kuti ana ali maso.

Nachisale, Monkey Bay:
Che Mdala, ine ndisiyanitseko. Si kutukwana konse kofanana. Wosewera amene wagoletsa chigoli n'kupulumutsa liwu limodzi mwachisangalalo, woulutsa apepese pomwepo, nkhani yatha. Koma wotchula munthu dzina n'kutukwana mayi ake, imeneyo ndi ina, amatha kukayankha yekha kukhoti.

Ndiponso delay ija isatinamize. Wochita mafilimu Will Smith atatukwana pa mwambo wa mphoto za mafilimu wa Oscars mu 2022, ku America mawu anazimitsidwa, koma wailesi za ku Australia ndi Japan zinaulutsa osadula, ndipo pasanathe ola kanemayo anali paliponse. Kwathu kuno n'chimodzimodzi: ambiri amaonera Facebook Live pa foni, pomwe palibe batani lililonse, kenako kachidutswako kamazungulira pa WhatsApp mpaka kwa asodzi padoko.

Fundi wa pa Boma:
Zoona achemwali, n'chifukwa chake Facebook iyenera kutenga mawu omwe adutsa kale mu delay, osati kulumikiza molunjika ku mikisa. Ambiri amalakwitsa pomwepo pofuna kusunga chingwe chimodzi. Wailesi yaing'ono yopanda makinawo ijambuliretu mlendo wodziwika ndi pakamwa, n'kuulutsa pakatha mphindi 15.