Patani yakale ya saizi 16 yandikana m'chiuno, ndalakwa pati?

Nachisale analemba:

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga zanu mwakachetechete, koma lero zandifika pakhosi.

Azakhali anga atamwalira anandisiyira makina awo a Singer opalasa ndi phazi, komanso kabokosi ka malata kodzaza ndi mapatani a pepala. Ambiri ndi a makampani a Simplicity ndi Butterick. Imodzi inandigwira mtima: diresi la kolala yaying'ono, mabatani atatu kutsogolo, lothina m'chiuno, siketi yake yozungulira ngati ambulera. Mbali ya envelopu imene panali dzina la kampani inang'ambika, chaka palibenso, koma tsitsi ndi magolovesi a mayi wojambulidwa pamenepo zikuonetsa kuti ndi ya m'ma 1950.

Pa envelopu panalembedwa saizi 16. Ine zogula ndimavala 12, nthawi zina 14, ndiye ndinati likakula ndidzangobweza pang'ono. Ndinagula mayadi asanu a nsalu ya thonje yabuluu ya madontho oyera, kuichapa, kuisita, Loweruka m'mawa n'kudulira pa patani yeniyeniyo ndi mtima wonse. Lachiwiri usiku ndinaliyesa. Abale inu, zipi inafika pakati n'kukana. M'chiuno mukuperewera mainchi atatu, m'khwapa mukuluma, ndipo ma dart a pachifuwa (timisoko tosongoka toumba malo a mabere) akuloza m'mwamba, malo amene kulibe kanthu. Abambo a kunyumba anandiyang'ana n'kuti kapena tingompatsa mwana wathu wa zaka 13. Ine sindinaseke.

China, tiziduswa ta pepalalo tilibe mzere ngakhale umodzi. Pali timabowo tokha, tina tatikulu tina tating'ono, ndi timakona todulidwa m'mphepete. Zambiri ndinangoganizira.

Kodi saizi 16 ingakhale bwanji yaing'ono kuposa 12? Ndipo diresili lingapulumuke, kapena ndingoiwala nsalu yanga?

TelalaWakale anayankha:

Mayi Nachisale, pepani ndi za azakhali. Musataye nsaluyo.

Choyamba, nambala ya pa envelopu muiiwale. Nambalayo yakhala ikusuntha pamene thupi lili pomwepo. Pa mapatani a ku America a m'ma 1940 ndi kumayambiriro kwa ma 1950, saizi 16 inali ya munthu wa chifuwa cha mainchi 34, chiuno 28, mahipi 37. Mu 1956 makampaniwo anasintha, chifuwa cha 34 chomwecho chinakhala saizi 14. Chakumapeto kwa ma 1960 anasinthanso, chinakhala saizi 12, ndipo pa envelopu za nthawi imeneyo mudzaona atalemba kuti New Sizing. Saizi ya zovala zogula ndiye nkhani inanso, imeneyo sitolo iliyonse ili ndi yake. Tembenuzani envelopu yanu, pafupi ndi 16 yo mupeza mawu oti Bust 34. Imeneyo ndiyo nambala yoti muziwerenga. Kumbukiraninso kuti kale envelopu imodzi inkakhala ndi saizi imodzi basi, si ngati za masiku ano zokhala ndi mizere inayi kapena isanu yoti musankhepo.

Chachiwiri ndi chimene anthu saganizira. Patani imeneyo inajambulidwira thupi lomangidwa kale. Mayi wa nthawi imeneyo asanavale diresi ankayamba wavala lamba wa lasitiki wofinya mimba ndi chiuno, komanso bra yosongoka yokweza mabere. Ma dart anu akuloza pamene bra imeneyo inkafikitsa chifuwa. Palibe chimene mwasoka molakwika pamenepo. Valani bra imene mudzavalire diresilo, ikani chizindikiro pamene chifuwa chatuluka kwambiri, ndipo nsonga ya dart ithere pafupifupi inchi imodzi isanafike pamenepo. Ikafika penipeni imatumphuka ngati nyanga.

Za timabowo. Mapatani osindikizidwa mizere anayamba ndi a McCall's cha m'ma 1920, koma makampani ena anapitiriza kugulitsa obowola okha mpaka m'ma 1950. Kawirikawiri mabowo akuluakulu ondondozana amasonyeza mzere woti uyendere limodzi ndi mphepete ya nsalu. Mabowo awiri kapena atatu oyandikana m'mbali amatanthauza kuti mbali imeneyo ikhale popinda nsalu. Tating'ono ndi ta ma dart, mabatani ndi poyambira khwinya. Timakona ta m'mphepete ndi tosonyeza pokumana zidutswa ziwiri. Ndikuti kawirikawiri chifukwa kampani iliyonse inali ndi kachitidwe kake, ndiye muone pepala la malangizo ngati lilimo. Ine poika zizindikiro sindidalira choko. Ndimalowetsa ulusi wopinda pawiri pa bowo lililonse, kudutsa nsalu zonse ziwiri, kusiya lupu, kenako kupatula nsaluzo pang'ono n'kudula ulusiwo pakati. Kanyenyeswa ka ulusi kamatsala mbali zonse ndipo sikafufutika ngati choko.

Ndikufunseni: munayamba mwayesera pa nsalu yachabe? Ndikudziwa yankho. Ndasoka zaka zoposa 40 koma patani yachilendo sindiidulira nsalu yabwino ndisanaiyese pa shiti yakutha ya pabedi. Simufunika kusoka diresi lonse, chapamwamba chokha chikwanira.

Tiuzeni miyezo yanu, ndiponso ngati siketiyo ndi yozungulira yathunthu.

Nachisale anayankha:

Bambo, mwandichititsa manyazi. Sindinayesere pa chilichonse. Ndayang'ana, palidi Bust 34, ine ndimaona ngati ndi nambala ya katundu. Chifuwa changa ndi 37, chiuno 31. Siketi ndi yozungulira yathunthu, ndikaiyala pansi ikukhala ngati mbale. Nsalu yatsala pafupifupi theka la yadi ndi tiziduswa.

TelalaWakale anayankha:

Ndiye muli ndi mwayi. Siketi yotere sivuta. Sulani msoko wa m'chiuno, kenako dulani theka la inchi kuzungulira bowo la m'chiuno la siketiyo. Theka la inchi lokhalo limakulitsa bowolo ndi mainchi atatu ndi kadontho, chifukwa ndi mkombero. Musapitirire, imakula msanga kuposa mmene maso akuonera, komanso nsalu ya pamenepo imatamuka. Dutsitsani msoko umodzi kuzungulira m'mphepetemo musanainyamule. Siketi ifupika ndi theka la inchi basi, palibe adzaone.

Chapamwamba ndicho chifuna ntchito. Pa nsalu yotsalayo dulani timizere tiwiri, kalikonse kakhale inchi imodzi ndi theka mukachotsa za msoko, mulowetse m'mbali kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno. Ngati diresi lili ndi manja, kamzereko kapitirire mpaka pansi pa mkono, apo ayi mkono sulowa. Zipi ya m'mbali muibwezere pa msoko wa kumbuyo kwa kamzere ka kumanzere. Pa madontho oyera zimenezi sizioneka, mukangoyesetsa kuti madontho akumane.

Ulendo wina mukonzeretu pa pepala. Koperani patani, dulani kopeyo kuchokera paphewa kutsika, tambasulani, matani pepala lina pansi. Mainchi atatu agaweni panayi, chifukwa chidutswa chakutsogolo ndi theka chabe la kutsogolo, chakumbuyonso chimodzimodzi. Ena amangowonjezera zonse m'mbali, ndiye khosi ndi ma dart zimatsala pamalo olakwika.

Chikondi_47 anayankha:

Achemwali, takulandirani m'gulu la olira ndi zipi. Langa loyamba linali la m'ma 1940, ndinalisoka usiku atatu, kulivala ndinkapuma ngati nkhuku yothamangitsidwa.

Zimene anena a Telala zonse n'zoona, koma pamodzi ndisiyana nawo pang'ono, andikhululukire. Mukakulitsa chilichonse mpaka diresi likhale lomasuka ngati malaya ogonera, mutaya chimene chinakukopani pa envelopu. Kasokedwe kameneka kanachokera kwa Christian Dior, wopanga mafashoni wa ku France, amene mu February 1947 anaonetsa ku Paris zovala zimene zinatchedwa New Look: mapewa ofewa, chiuno chothina, siketi yodya nsalu yambirimbiri. Anthu anali atangochoka mu nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, nthawi imene ku Britain zovala zinkagulidwa ndi makuponi kuyambira 1941, ndipo ku America lamulo la L-85 la 1942 linkaika malire a utali ndi kutambalala kwa siketi. N'chifukwa chake mapatani a nthawi ya nkhondo ali ndi masiketi owongoka ofika m'mawondo ndi mapewa otukuka, pamene a pambuyo pake akungomwaza nsalu ngati akubwezera.

Tsono chinsinsi chimene ndinachizindikira mochedwa n'chakuti chiuno cha pa chithunzicho theka ndi bodza la maso. Ojambula ankatalikitsa miyendo ndi kuchepetsa chiuno mwadala. Theka linalo ndi pitikoti. Siketi ikatukumuka pansi, chiuno chimaoneka chaching'ono chokha, ngakhale chili 31. Ine lamba wofinya mimba sindivala, ndinayesa kamodzi pa ukwati wa mnzanga ndipo ndinakamuvulira kubafa chakudya chisanabwere. Chimene ndimachita: m'chiuno ndimasiya mpata wa theka la inchi kapena inchi imodzi basi, mkati ndimasokeramo kariboni kolimba kokhala ndi ngowe yake kuti kanyamule kulemera kwa siketi, pamwamba lamba wa nsalu yomweyo, pansi pitikoti ya neti ya magawo awiri. Mukayenda siketi imachita kuyankha. Tsiku loyamba anthu amakuyang'anani ngati mwasochera tsiku, lachitatu akufunsani amene anakusokerani.

Ndipo musathamangire kupinda mpendero. Siketi yozungulira ili ndi mbali zina zimene nsalu yadulidwa mopingasa, ndipo pamenepo imatamuka. Ipachikeni usiku umodzi kapena awiri, kenako muivale ndi pitikoti ndi nsapato zake, wina akuyezereni kuchokera pansi ndi rula akuika mapini. Ine ndinanyalanyaza kamodzi, siketi yanga yobiriwira mpaka lero m'mbali imalendewera ngati makutu a galu.

Za nsalu mwasankha bwino. Thonje limamvera. Mukadzafika pa mapatani a m'ma 1930 ndi 1940, ambiri amafuna nsalu yogwa ngati rayon, koma imeneyo ichapeni kaye chifukwa imabwerera, ndipo podula imathawa pansi pa sizasi.

AnaGama anayankha:

Ine langa ndi pepalalo. Mwanena kuti munadulira pa patani yeniyeniyo, mtima wanga unachita kuti phwii. Pepala limenelo lakwanitsa zaka 70, mapini akalibowola kawiri katatu latha. Lisiteni ndi simbi yofunda pang'ono, yopanda nthunzi, mulikopere pa pepala lina pamodzi ndi timabowo tonse, lenilenilo mulibwezere mu envelopu. Polipanikiza gwiritsani ntchito zinthu zolemera, osati mapini. Likang'ambika musamate ndi selotepi, imasanduka yachikasu n'kudya pepala, ndipo simbi ikaikhudza imasungunuka. Kabokosi ka malata kaja muonenso ngati sikakuchita dzimbiri mkati.

Zina ziwiri zimene zinandipweteka ine. Za msoko: masiku ano tinazolowera 5/8 ya inchi, koma mapatani ena akale anasiya theka la inchi, ena osakwana pamenepo. Mukasoka pa 5/8 pomwe anasiya theka, msoko uliwonse ukubani kotala ya inchi, ndipo diresi la misoko inayi lataya inchi yathunthu. Mwina inchi imodzi mwa zitatu zanu zija inapita choncho. Mapatani a m'magazini a Burda ndiye sasiya n'komwe, mumawonjezera nokha. Kachiwiri, mayadi olembedwa kumbuyo kwa envelopu amawerengera nsalu za mainchi 35 kapena 39 m'lifupi. Zathu zambiri ndi 45 kapena 60, ndiye yalani zidutswa pansi muyeze musanagule. Mukapeza kachidutswa ka makona atatu kosadziwika kolowera, musadabwe, n'kolumikiza m'mbali mwa siketi chifukwa nsalu yakale inkachepa. Pa nsalu ya 60 mungokamata ku chidutswa chachikulu n'kudula kamodzi.

Amene safuna mavuto onsewa, Simplicity, Butterick ndi Vogue amasindikizanso mapatani awo akale m'masaizi a lero. Ndinasokapo awiri. Ndi osavuta, koma kwa ine amatuluka otakasuka kwambiri, ndimachita kubweza.

TelalaWakale anayankha:

A Chikondi, sitikusiyana kwenikweni. Ine ndikuti munthu azitha kupuma, inu mukuti asapume kwambiri. Koma za kariboni ka m'chiuno mwanena zoona, ndinaiwala.

Mayi Nachisale, makina a azakhaliwo amasoka msoko wowongoka wokha, musaone ngati n'chilema. Madiresi amenewa ankasokedwa pa makina otero. M'mphepete mwa misoko dulani ndi sizasi ya mano kapena pindani kamodzi n'kudutsitsa msoko. Mabowo a mabatani atatuwo apangeni a nsalu kapena pamanja ndi singano.

Nachisale anayankha:

Zikomo nonse, mwandibwezera mtima m'malo. Ndapeza pepala la malangizo, linamatirira mkati mwa envelopu ya bulauzi ina. AnaGama munalondola, msoko wake ndi theka la inchi, ine ndinasoka pa 5/8. Nditasula ndi kusokanso ndapezapo pafupifupi inchi, ndiye timizere ta m'mbali ndadula ta inchi imodzi yokha, ndipo pa siketi ndachotsa osakwana theka lija. Zipi yakwera mpaka pamwamba. Ma dart ndawatsitsa ndi inchi imodzi ndi kotala.

Pa pepala lomwelo azakhali analembapo ndi pensulo, m'mbali mwa chithunzi cha chapamwamba: "onjeza 2 m'chiuno". Ndinakhala pansi kaye.

Siketi ili pa hang'ala kuyambira dzulo, yatsika kale mbali ziwiri monga munanenera, achemwali. Funso latsopano: neti ya pitikoti imayabwa m'miyendo, mumaika layiningi mkati kapena mumavala kasiketi kena pansi pake? Ndipo a Telala, mabowo a mabatani a nsaluwo amapangidwa kolala isanalowe kapena italowa? Pepalali langoti "make buttonholes", basi, ngati aliyense anabadwa akudziwa.