Nsawawa zanga zikuyoyola maluwa, thandizeni

Mlimi wa ku Lunzu: Mwaswera bwanji alimi anzanga. Ndili ndi mabedi a nsawawa kuseri kwa nyumba, ndinadzala kumapeto kwa Julayi, zinamera bwino zedi masamba biriwiri, koma pano maluwa akungoyoyoka, makoko amene agwira ambiri ndi mphwepwa, ndiye masamba a m'munsi ayamba kuyera ngati wina wawazapo ufa. Zochepa zomwe ndathyola amayi amene amandigula akuti nzolimba sizikutsekemera. Ndipopere chani?

Mayi a ku Bembeke: Musanathamangire mankhwala achimwene, munathira feteleza wanji?

Mlimi wa ku Lunzu: Manyowa a nkhuku podzala, kenako Urea zitakulako pang'ono

Mayi a ku Bembeke: Nde pamenepo. Nsawawa ndi gulu la nyemba, tazulani imodzi muone timapundu ta kumizu, timeneto ndi tomwe timazipatsa chakudya chomwe mumafuna mu Urea. Mukawonjezera zimangokondwa ndi masamba, kubereka ayi. Koma vuto lalikulu ine ndikuona ndi nyengo. Mbewu imeneyi imafuna kozizira, madigiri 13 mpaka 18 ndi pomwe imasangalala, kukafika cha m'ma 30 duwa siligwira olo muthirire bwanji. Inu mwadzala Julayi akutha, nde maluwa akumana ndi dzuwa la Seputembala, ku Lunzu kwake komweko kotentha kale. Kwanuko dzalani Epulo akamatha kapena Meyi mvula ikangosiya, pakatha masiku 60 kapena 70 mukuthyola kukadali mphepo. Kuno kwathu timaopako chisanu cha Juni ndi Julayi, mbewu yaing'ono imapirira koma duwa limapsa.

Bambo a ku Tsangano: Zoona amayi. Zoyerazo ndi matenda, amakonda masana kotentha kouma usiku kuli mame, ndipo amagwira kwambiri nsawawa zochedwa kudzala ngati zanuzi. Thothani masamba omwe ayera kwambiri mukataye kutali, osaponya pa kompositi. Salufa amathandiza koma poperani madzulo, dzuwa likuswa mtengo amawotcha masamba, ndipo werengani pa paketi masiku oyenera kudikira musanathyole. Kodi munaziyangitsa?

Mlimi wa ku Lunzu: Ayi zangogona pansi bambo. Nanga nditaika neti ya mthunzi sizingabwerere?

Bambo a ku Tsangano: Ine sindingakulimbikitseni kugula neti chifukwa cha mbewu yoti ikutha kale, ndalama imeneyo sungani ya mbewu ya chaka chamawa. Zikani nthambi zouma kapena nsungwi mukokepo twaini, zikweze mpweya uzidutsa. Phimbirani ndi udzu wouma, madzi thirani pansi m'mawa, pa nthawi ya maluwa ndi pomwe makoko akudzaza dothi lisaume koma asadikhenso, mizu yake imawola msanga.

Chemwali wa ku Lizulu: Za kulimbazo ndiyankhe ine poti ndimagulitsa. Mukuchedwa kuthyola achimwene. Duwa likatuluka pakatha pafupifupi masabata atatu khoko limakhala lakwana, likhale lodzaza lozungulira koma likadali lobiriwira lonyezimira, mukalitsina pamsonga limang'ambika mosavuta, njere mukaikanda ndi chikhadabo ituluke madzi. Likayamba kutuwa ndi kukhakhala, njere zikuoneka kunja ngati zikufuna kuboola, basi shuga wapita. Muzilowamo masiku awiri kapena atatu aliwonse kuyambira m'munsi chifukwa za pansi ndi zomwe zimayamba kukhwima, ndipo mukasiya makoko okhwima pamtengo umaleka kutulutsa maluwa ena. Dzanja lina ligwire tsinde lina lithyole, sinanga mtengo wake ndi wofewa umazuka.

China, thyolani m'mamawa mukapereke tsiku lomwelo zisanasendedwe. Kutsekemera kumayamba kutha mukangothyola, zikagona mu jumbo ya pulasitiki potentha mawa lake ndi ufa wokhawokha. Ngati kasitomala ali ndi furiji aikemo ndi makoko omwe, asende pophika.

Mlimi wa ku Lunzu: Zikomo kwambiri nonse. Nanga zomwe zakhwima kalezi nditani nazo, ndipo chaka chamawa ndibwereze pabedi pomwepa?

Mayi a ku Bembeke: Zisiyeni ziumire pamtengo, za pa mitengo yathanzi musunge mbewu, zinazo muphike ngati nyemba. Pabedipo ikanipo mpiru kapena anyezi, nsawawa zisabwererepo zaka zitatu kuopa matenda a mizu. Podzala musafese pa nazale, sizifuna kuwokera, dzalani pomwepo masentimita 3 mpaka 5 kuya, kutalikirana masentimita 5, mitengo yoyangira muzikiretu tsiku lomwelo.