Kodi bambo a zaka 68 angakwanitse kukwera phiri la Mulanje mpaka ku Chambe?

Abale ndi alongo a pa gulu lino, ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mumalidziwa bwino phiri la Mulanje. Bambo anga, omwe tsopano ali ndi zaka 68, anagwira ntchito nthawi yaitali m'minda ya tiyi m'munsi mwa phirili, koma sanakwerepo kupitirira pamene amayi amatola nkhuni. Chaka chatha tikucheza pakhonde kwathu ku Chilomoni, anandiuza kuti amalakalaka atagonako usiku umodzi pamwamba pake miyendo isanawakane, ndipo mawu amenewo sanandichoke mumtima.

Ine ndi mayi a kunyumba pamodzi ndi ana athu awiri, wa zaka 12 ndi wa zaka 9, tinazolowera kukwera phiri la Michiru Loweruka m'mawa, choncho za ife sindikuda nkhawa. Za Sapitwa sitikuganizako n'komwe, pakuti mamita 3,002 si masewera, komanso bambowo amati kumeneko ndi kwa mizimu ndipo munthu sapitako mwachibwana. Maganizo anga ndi oti mu Ogasiti, ana akatsekera sukulu, tinyamukire ku Likhubula, tikagone m'nyumba ya alendo ya ku Chambe, n'kutsika m'mawa mwake. Chimene chikundiimitsa mutu ndi bondo lawo lamanzere, lomwe limatupa akayenda mtunda wautali, komanso amamwa mankhwala a BP tsiku lililonse. Kodi pali amene anakwerapo ndi munthu wachikulire chotere? Nanga tidzere njira iti? Sindikufuna kuwakaniza chinthu chimene achilakalaka moyo wawo wonse, komanso sindikufuna kuti ulendo wachisangalalo usanduke wonyamulana pamachira.

Yankho loyamba: Achimwene, musadzere njira ya Skyline, chifukwa ndi yachitunda chokhachokha ndipo ngakhale achinyamata amafika pamwamba ali wefuwefu. Dzerani ya Chapaluka, yomwe imatsata mtsinje wa Likhubula ndipo imadutsa pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba. Komabe dziwani kuti bondo silivuta kwenikweni pokwera ayi, limavuta potsika, makamaka pamiyala yoterera. Muwapezere ndodo yolimba ndi nsapato zogwira pansi, osati zatsopano zimene sanazivalepo, ndipo mulembe wotsogolera njira ndi onyamula katundu pa Likhubula pomwepo kuti mdalayo asasenze kanthu.

Yankho lachiwiri: Ine ndinakulira ku Chitakale, ndipo ndikukupemphani kuti musapeputse chiperoni. Ngakhale mu Ogasiti nkhungu imatha kutsika mwadzidzidzi mpaka munthu osaona mnzake amene ali patsogolo pake, ndipo usiku kumtundako kumazizira koopsa. Kunyumba ya ku Chambe kuli mlonda amene amakoleza moto, koma chakudya ndi zofunda muyenera kutenga zanu. Mufunsenso otsogolera za mmene njira zilili panopa, popeza namondwe wa Freddy mu 2023 anagumula malo ambiri m'phirimo. Langizo langa ndi loti muyambe mwawayesa ndi ulendo wa tsiku limodzi wokafika pa Dziwe la Nkhalamba n'kubwerera. Mukaona kuti m'mawa mwake bondo silinatupe ndipo adzuka bwinobwino, pamenepo mukhoza kukonza za ku Chambe, koma mutayamba mwaonana ndi adokotala awo pa nkhani ya BP.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse awiri. Za kutsika sindinaziganizepo, maganizo anga onse anali pa chitunda basi. Ndawawerengera bambo mayankho anuwa ndipo avomera kuti tiyambe ndi Dziwe la Nkhalamba mwezi wamawa, ngakhale akuti ndodo sakuifuna chifukwa iwo sanakalambe. Ngati alipo wina amene anagonapo ku Chambe ndi ana aang'ono, ndithandizeni kudziwa ngati wa zaka 9 angapirire kuzizira kwa usiku ndi mabulangete awiri okha.