Ndatsegula port 25565 koma anzanga akulepherabe kulowa mu seva

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi seva ya Minecraft Java pa kompyuta ya Windows. Amene ali pa Wi-Fi ya m'nyumba momwemo akulowa bwinobwino, koma akunja akungolandira "Connection timed out". Pa rauta ndatsegula port 25565, TCP, kulozetsa ku 192.168.1.7. Rautayo ndi ya 4G, yoika SIM khadi. Vuto lili pati?

Woyankha woyamba: Achimwene, musanakhudze china chilichonse lowani mu rauta muone pamene palembedwa WAN IP, adiresi imene rauta yalandira kuchokera ku kampani ya intaneti. Kenako fufuzani pa Google mawu akuti "what is my IP". Manambala awiriwo ayenera kufanana. Akasiyana, ndipo WAN IP ili pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255 kapena ikuyamba ndi 10, ndiye kuti muli pa CGNAT. Kampani ya intaneti ikugawira makasitomala ambiri adiresi imodzi yakunja. Mnzanu akagogoda pa 25565, akugogoda pachipata cha kampaniyo, ndipo kumeneko sakudziwa kuti mlendoyo ndi wa nyumba iti. Uthengawo sufika n'komwe pa rauta yanu. Pa 4G zimenezi n'zofala kwambiri.

Wofunsa: Ndaona, WAN IP ikuyamba ndi 100.72. Ndiye kuti zakanika basi?

Woyankha wachiwiri: Ikani kompyutayo pa DMZ, zonse zitseguka.

Woyankha woyamba: Ayi, DMZ sithandiza apa. Imangouza rauta yanu kuti chilichonse chofika ichiponyere ku kompyuta imodzi, pamene palibe chikufika. Ndipo tsiku limene mudzapeze IP yanuyanu, DMZ idzasiya ma port onse a kompyutayo pambalambanda. Isiyeni.

Imbirani kampani ya intaneti mufunse ngati amapereka public IP, adiresi yakunja yanuyanu. Ena amapereka mukalipira, ena sapereka pa SIM wamba. Akakana, gwiritsani ntchito playit.gg: kapulogalamu kake kamalumikiza kompyuta yanu ku makina awo, iwo n'kukupatsani adiresi yoti mutumizire anzanu. Popeza kulumikizako kukuyambira mkati kupita kunja, CGNAT sikuletsa. Ngati osewera ndi ochepa ndipo mumadziwana, ine ndingasankhe Tailscale kapena ZeroTier. Aliyense amaika pulogalamuyo, mumakhala ngati muli pa netiweki imodzi, ndipo munthu wachilendo sevayo saiona n'komwe.

Woyankha wachitatu: Zoona zimenezo. Koma mukaipeza public IP ija, palinso tina timene timapunthwitsa anthu. Nambala ya 192.168.1.7 inachokera ku DHCP, njira imene rauta imagawira yokha ma adiresi a m'nyumba, ndiye mawa rauta ikhoza kuipereka kwa foni ya munthu, port yanu n'kumaloza kolakwika. Pitani pa DHCP reservation kapena Address reservation, muimangirire ku MAC address, nambala yozindikiritsa khadi la netiweki la kompyutayo. MAC mumaipeza polemba ipconfig /all mu Command Prompt ya Windows. Chenjerani, ya waya ndi ya Wi-Fi n'zosiyana, ndipo seva iikeni pa waya.

Mu Windows Defender Firewall pangani Inbound Rule, lamulo lolola uthenga wolowa, ya TCP 25565. Mu server.properties, fayilo ya makonzedwe a seva, mzere wa server-ip usiyeni wopanda kanthu. Ambiri amalembapo IP yakunja, seva n'kukana kudzuka. Poyesa, musayesere m'nyumba momwemo ndi IP yakunja, chifukwa ma rauta ena alibe NAT loopback, yolola wa m'nyumba kulowa pogwiritsa ntchito IP yakunja, ndipo amakana ngakhale zonse zili bwino. Pemphani mnzanu wakunja ayese. Komanso mawebusaiti oyesera port amanena kuti yatsekeka ngati seva sinayatsidwe, ndiye yatsani kaye.

Wofunsa: Zikomo kwambiri akulu. Mmodzi amasewera pa foni, adzalowa pa port yomweyo?

Woyankha wachitatu: Pa foni ndi Bedrock, mtundu wina wa Minecraft, port yake ndi 19132 ndipo ndi UDP, osati TCP. Payokha singalowe mu seva ya Java, pafunika Geyser pakati, pulogalamu yolumikiza Bedrock ndi Java.

Woyankha woyamba: Mu server.properties musaiwale white-list=true, kuti azilowa okhawo amene mwawalemba, ndipo online-mode, yotsimikizira ma akaunti a osewera, ikhale true. Pali makina amene ntchito yawo n'kusakasaka ma port a 25565 otseguka usana ndi usiku. Pa liwiro, yang'anani upload, osati download, chifukwa seva ndiyo ikutumiza. Pa 4G ping, nthawi imene uthenga umatenga kupita n'kubwerera, imakwera madzulo nsanja ikadzaza, choncho anzanu akamadandaula kuti zikudukaduka, tsitsani view-distance, mtunda umene osewera amaona, kuchoka pa 10 kufika pa 6.