Canter yanga ndi layisensi ya B: ndinyamule soya kapena ndidikire?

Mlimi wa ku Mchinji:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Chaka chatha nditagulitsa mtedza ndinagula lole ya Canter yakale, ija timati ya matani atatu, kuti ndisiye kulipira hayala. Layisensi yanga ndi ya B, ndayendetsa pikapu zaka zambiri. Lachiwiri wapolisi wa pamsewu anayang'ana layisensi, n'kuyang'ana lole, n'kundiuza kuti ziwirizi sizikugwirizana. Anangondichenjeza. Ine ndimati poti katundu ndi wanga ndipo sindilipiritsa munthu, B ikukwanira. Soya wauma, matumba 120 ali pakhonde, ogula ali ku Kanengo. Nditani?

Wa tomato ku Ntcheu:
Achimwene, B si imafika matani atatu ndi theka? Ndiye ya matani atatu ikanike bwanji? Ine ndikuona ngati palibe vuto.

Dalaivala wopuma, Balaka:
Ayi mwananga, pamenepo ndi pomwe ambiri amagwera. Malire a B ndi makilogalamu 3,500, zoona, koma sawerenga katundu yekha. Amawerenga GVM, kulemera kwa galimoto yonse itadzaza: injini, kabini, bode, mafuta, inuyo ndi matumba anu. "Matani atatu" ndi zomwe lole imasenza. Iyo payokha ili kale ndi matani ake awiri ndi kanthu, ndiye kuphatikiza mwadutsa malire kutalitali. Ngakhale muyendetse yopanda kanthu, nambala imene wapolisi amatsata ndi yomwe inalembedwa.

A ku Mchinji, tsegulani chitseko cha kabini mufunefune kachitsulo kokhomedwa kamene pali manambala, nthawi zambiri kamakhala kakuda ndi girisi, kapukuteni ndi kansalu. Onaninso pa blue book, chikalata cha umwini wa galimoto. GVM ikaposa makilogalamu 3,500 mpaka 16,000, imeneyo imafuna layisensi ya C1. Kupitirira apo ndi C.

Zoti katundu ndi wanu, iwalani. Layisensi imatsata galimoto, siyifunsa mwini soya.

Mlimi wa ku Mchinji:
Ndakaona bambo. Palembedwa nambala yoposa 5,000. Mtima wangoti zii.

Mayi wa kopaletivu, Dowa:
Chimene chimandiopsa ine si chindapusa ayi, ndi inshuwalansi. Mnzathu wina wa m'gulu anagwetsa lole m'ngalande mabuleki atakana pamtsetse, chimanga chili mbwee mumsewu. A inshuwalansi chinthu choyamba anafunsa layisensi ya amene anali pachiwongolero. Itapezeka kuti ndi ya B, nkhani inathera pompo, anakonzetsa ndi ndalama za m'thumba, ulimi wa chaka chimenecho n'kulowa pansi. Chonde bambo, musachite masewera ndi msewu wa M12 wochokera ku Mchinji kupita ku Lilongwe, njinga za kabaza ndi ana a sukulu ali ponseponse.

Dalaivala wopuma, Balaka:
Mayi anena zoona. Ndipo lole siima ngati pikapu. Itadzaza imakukankha kumbuyo, pamtsetse umatsika ndi giya, osati kupondereza buleki mpaka kununkha. Zimenezi n'zophunzira ndithu.

Chitani ziwiri. Za soyayu, pezani dalaivala wa C1, muone khadi lake ndi maso anu komanso tsiku lothera, mugwirizane pa ulendo. Inu khalani pambali pake muziona mmene akusinthira magiya. Kwinaku yambani zanu: ku Road Traffic mulembe mayeso a lena (layisensi yophunzirira) ya C1, mupite kusukulu yoyendetsa yomwe ili ndi lole, kenako mayeso a pamsewu. Muli komweko mukonzeretu Professional Driving Permit, chilolezo cha madalaivala onyamula katundu, chija cha chilembo G.

Wa tomato ku Ntcheu:
Ndaphunzirapo, pepani ndikanakusokeretsani. Koma matumba 120 a makilogalamu 50 ndi matani asanu ndi limodzi. Maulendo awiri amenewo achimwene, 60 ndi 60. Musamvere anyamata okweza akamati "ikwana bwana", masipuling'i ndi matayala ndi anu.

Mayi wa kopaletivu, Dowa:
Muonenso COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ngati siinathe, ndipo lona musaiwale. Soya akanyowa ogula amatsitsa mtengo.

Mlimi wa ku Mchinji:
Zikomo nonse. Mlamu wanga wandipezera mnyamata amene ankanyamula simenti, khadi lake ndaliona, ndi C1 ndipo likugwira ntchito. COF ikutha mwezi wamawa, ndiye ulendo woyamba tinyamuka Lachisanu m'bandakucha ndi matumba 60. Tikatsitsa ku Kanengo ndidutsira ku Road Traffic kukayamba za lena.